Wofuna u-DJ wa kumudzi, chisipika chibwere pambuyo

Mwezi wa Sepitembala chaka chatha ndinali pa ukwati wa msuweni wanga m'mudzi wina kuseri kwa Nsaru. DJ amene anamuitana anafika m'mamawa pa lole, atasanja masipika 6, akuluakulu ngati nkhokwe. Ana anaithamangira galimotoyo kuchokera kumsewu mpaka pabwalo. Azakhali anga anandinong'oneza kuti: "Apa ndiye ndalama yathu yagwira ntchito."

Cha m'ma 2 koloko masana, perekaniperekani atafika pakaindeinde, woyendetsa mwambo anaitana akuchikazi. Amayi ananyamuka ndi yunifolomu yawo ya chitenje, ndalama zili m'manja, fumbi lili koboo. Nyimbo isanafike n'pakati pomwe, kunangoti zii. Jenereta inali ikulirabe kuseri kwa nyumba, koma amplifaya inali itatentha n'kuzima yokha. Ataikupiza ndi chikatoni n'kuiyatsanso, laputopu inakana kuwerenga fulashi. Mnyamatayo analumikiza foni yake pa Bluetooth, nyimbo n'kuyambiranso, koma patangopita mphindi ziwiri wina anamuimbira. Mudzi wonse unamva kulira kwa foni m'masipika 6 aja.

Anthu anaseka, koma akwati sanaseke. Amayi aja anabwerera pamikeka, ena ndalama zija n'kuzibwezera pamfundo ya chitenje. Amene anayendetsako ukwati akudziwa kuti munthu amasupa nyimbo ikamulowa m'magazi, ndipo ikaduka dzanja limabwerera m'thumba. Chonsecho ndalama ya perekaniperekani ndi imene banja latsopano limabwezera ngongole za ukwati n'kugulira ziwiya zoyambira. Mayeso a MSCE munthu amabwereza, koma tsiku la ukwati silibwerezedwa.

Ndikulemba izi chifukwa geni ya u-DJ yakopa achinyamata ambiri kwathu kuno, kuyambira pa Mpingu, Msundwe ndi Namitete m'mbali mwa msewu wa Mchinji, mpaka kulowa mkati ku Nsaru, kwa Kabudula ndi ku Nambuma. Ntchito ilipodi. Anthu akangokolola n'kugulitsa soya, mtedza ndi fodya, mpaka mvula yoyamba, Loweruka lililonse kumakhala chinkhoswe, ukwati, kumanga chiliza, bonanza ya mpira kapena msonkhano wa makwaya. Vuto n'lakuti ambiri akagwira kandalama ka ku okushoni ku Kanengo kapena ka banki m'khonde, amathamangira chinthu chimodzi: chisipika chachikulu choti anthu achione. Maganizo anga ndi akuti tikuyambira kumchira. DJ wa kumudzi ayambe waganiza za magetsi, kenako maiki, kenako mafayilo a nyimbo. Kukula kwa sipika kubwere pomaliza.

Zipangizo zimenezi pafupifupi zonse zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo yake siinabwererenso pansi. Mukagula molakwika lero, mwina padzatenga zaka ziwiri zokolola kuti mukonze.

Magetsi ndiye mwini gule

Pa malo a malonda ambiri pali magetsi a ESCOM, ena anafika kudzera mu ndondomeko ya MAREP. Koma ukwati suchitikira pa sitolo. Umachitikira pabwalo la m'mudzi, pasukulu kapena patchalitchi, makilomita angapo kuchoka pomwe pathera mapolo. Ngakhale pomwe waya alipo, tonse tikukumbukira zimene zinachitika namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022. Dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo magetsi ankabwera ngati mlendo. DJ wodalira soketi ya pakhoma yokha akuchita juga ndi mwambo wa eni ake.

Ndiye musanagule china chilichonse, khalani pansi ndi pepala. Kumbuyo kwa chipangizo chilichonse, pafupi ndi polowera waya wa magetsi, amalembapo mphamvu imene chimadya. Phatikizani amplifaya, mikisa, laputopu ndi mababu ausiku. Jenereta yanu ikhale yoposa chiwerengero chimenecho ndi theka kapena kupitirira, chifukwa bezi ikamagunda amplifaya imakoka magetsi mwadzidzidzi. Jenereta yochepa mphamvu imachita befu, magetsi amatsika, amplifaya imatentha, ndipo mapeto ake ndi aja ndinaona ku Nsaru. Ndinamva pambuyo pake kuti tsiku lija pa jenereta yomweyo analumikizaponso firiji ya zakumwa. Firiji ikamayamba kulira imakoka magetsi ochuluka kwa kanthawi, ndipo zipangizo za nyimbo sizikondwera nazo. Uzani eni mwambo mwaulemu kuti firiji ipezeredwe njira ina.

Ena akusankha batire ndi inveta, poti mafuta amasowa ndipo kuima pa mzere wa pa filing'i siteshoni kumatha tsiku. Nzeru ndi yabwino, bola masamu akhale oona. Batire ya 12V yolembedwa 100Ah imasunga mphamvu yokwana mawatsi 1,200 kwa ola limodzi. Koma batire wamba, ya asidi ija, mukamaikama kupitirira theka siichedwa kufa. Ndiye kuti zanu zenizeni ndi 600. Ngati zipangizo zikudya mawatsi 300, muli ndi maola awiri okha, mwinanso osakwana poti inveta nayo imadyako. Madyerero a ukwati amatenga maola anayi kapena asanu, osawerengera mchezo wa usiku. Batire imodzi ingakwane pa chinkhoswe cha pakhonde kapena kugwirizira nyimbo pamene mukuthira mafuta mu jenereta, koma siinganyamule ukwati wonse. Pogula inveta funsani yolembedwa pure sine wave. Zotchipa zija zimalowetsa kulira kwa "zzzz" m'masipika, ndipo simungakuchotse ndi batani lililonse.

Pali tizinthu tina tosaoneka bwino pa chithunzi cha pa Facebook koma topulumutsa zipangizo: sitabilaiza, mafyuzi apadera, ndi waya wonenepa wautali woti jenereta ikhale kutali ndi anthu. Waya woonda ukatalika umatentha n'kutsitsa magetsi. Jenereta musaiyike m'nyumba kapena m'kalasi pofuna kubisa phokoso lake, utsi wake umapha mwakachetechete. Ndipo zolowerani dongosolo ili: poyatsa, amplifaya ikhale yomaliza, pozimitsa, ikhale yoyamba. Mukaona kuti mafuta atsala pang'ono, tsitsani mawu, zimitsani amplifaya, kenako jenereta. Ikazima yokha ili pa ntchito, kutsokomola kwake komaliza kuja kumatha kukuotcherani katundu.

Manambala a pa katoni asakupusitseni

Tsopano tibwere ku masipika. Mukazungulira m'mashopu a mu Lilongwe mupeza makatoni olembedwa manambala oopsa: 5,000W, 10,000W, pambali pake timalemba tating'ono takuti PMPO. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. PMPO ndi nambala yotsatsira malonda, ilibe muyezo umodzi wogwirizana, kampani iliyonse imalemba mmene yafunira. Nambala yothandiza ndi yolembedwa RMS, imene imakuuzani mphamvu yomwe sipika ingapirire kwa nthawi yaitali. Katoni ikapanda kutchula RMS, dziwani kuti pali chimene akubisa. Dzifunseninso nokha: kabokosi koti mwana wa Sitandade 5 akhoza kukanyamula ndi dzanja limodzi, kokhala ndi kabatire m'kati, kangatulutse bwanji mphamvu yoposa ya jenereta?

Masipika alipo a mitundu iwiri. Ena amabwera ndi amplifaya m'kati mwake, mumangolumikiza magetsi ndi waya wa nyimbo basi. Ndi osavuta, ndipo amplifaya yake anaiyeza kale kuti igwirizane ndi sipikayo. Koma ikapsa bolodi ya m'kati, kawirikawiri ulendo ndi wa m'tauni, nthawi zina sipeya n'kuchita kuitanitsa kunja. Ena ndi opanda amplifaya, mumagula payokha. Awa amafuna kuti mudziwe zimene mukuchita, koma ali ndi ubwino umodzi waukulu kwa ife akumudzi: amakonzeka chimodzichimodzi. Koyilo ikapsa, amisiri a mawailesi a pa malo a malonda amaikulunganso. Bokosi likasweka, kalipentala amakhoma lina, ndipo dera ngati la Namitete, komwe kuli sukulu ya ntchito zamanja ya Namitete Technical College, akalipentala sasowa. Kungoti bokosi la sipika si kabati ya mbale. Lili ndi miyezo yake, ndipo limafuna pulayiwudi yokhuthala. Mukalipanga mongoyerekeza ndi maso, sipika yabwino imalira ngati chidebe. Tsatirani miyezo imene opanga sipikayo anapereka.

Mukasankha njira yachiwiriyi, phunzirani za ma ohms. Masipika ambiri amalembedwa 8 ohms. Mukalumikiza awiri pa mbali imodzi ya amplifaya mongophatikiza mawaya, zimatsika kufika pa 4. Mukaika anayi zimafika pa 2. Nambala ikamatsika, amplifaya imagwira ntchito yakalavulagaga, ndipo zambiri zotchipa sizipirira pansi pa 4. Mnyamata wa ku Nsaru uja anali ndi masipika atatu mbali iliyonse ya amplifaya imodzi, padzuwa la Sepitembala, popanda ndi mthunzi womwe. Ng'oma yolira kwambiri siichedwa kung'ambika.

Kwa woyamba kumene, ine ndinganene kuti masipika awiri abwino a mainchesi 15, okwezedwa pa masitandi kupitirira mitu ya anthu, amaposa masipika 6 oikidwa pansi. Sipika ikakhala pansi, mawu amathera m'miyendo ya ovina kutsogolo, agogo akhala kumbuyo aja osamva kanthu. Bokosi la bezi mudzawonjezera geni ikakula. Ganiziraninso za kanyamulidwe. Misewu yolowera m'midzi ya kwa Kabudula kapena ku Nambuma si ya lole nthawi zonse, makamaka mvula ikayamba. Zipangizo zokwana m'ngolo kapena m'kagalimoto kakang'ono zimakufikitsani kumene anzanu a masipika 6 sangafike, ndipo ndalama ya thiransipoti siidya phindu lonse.

Pogula, musachite manyazi. Pitani ndi nyimbo yanu imene mumaidziwa bwino, aiyike, akweze, mumvere kwa mphindi khumi kapena kuposa. Gwirani amplifaya muone mmene yatenthera. Funsani lisiti yolembedwa dzina la katundu ndi masiku a galanti. Safunsa anadya phula.

Maiki ndi amene amatolera ndalama

Chimene achinyamata ambiri amaiwala n'chakuti pa mwambo wa kumudzi, theka la nthawi anthu amakhala akulankhula. Abusa apemphere, ankhoswe alangize, amfumu alankhule, woyendetsa mwambo aitane magulu mmodzimmodzi ndi kulengeza ndalama zimene zatoleredwa. Nyimbo ikhoza kukhala yakale, anthu akhululuka. Koma maiki ikamadukaduka pamene a gulupu akulankhula, dzina lanu lathera pomwepo.

Gulani maiki yopanda waya yabwino, koma m'chikwama mukhale ina ya waya. Ya wayayo siitha batire ndipo siisokonezedwa ndi china chilichonse. Mabatire atsopano azikhala m'thumba lanu, osati kutuma mwana ku gulosale mwambo uli m'kati. Wolankhula aime kumbuyo kwa masipika kapena pambali. Akaima kutsogolo kwake, ndi pamene pamamveka kulira kobaya m'makutu kuja, komwe kumaphanso matwita.

Pakati pa zonsezi pafunika mikisa, ngakhale yaing'ono ya mizere inayi: maiki awiri, laputopu ndi foni. Yang'anirani timagetsi take. Tikamafiira nthawi zonse, mawu ayamba kusweka, ndipo mawu osweka ndi amene amaotcha masipika msanga kuposa nyimbo yokwera koma yoyera.

Nanga kontirola, ija ya timbale tiwiri imene ma DJ a m'tauni amajambulitsa nayo? Ya Pioneer kapena Numark ndi yokoma kugwira, sindikana. Koma siiwonjezera kalikonse pa kumveka kwa mawu pabwalo. Laputopu ya kaunjika yokhala ndi batire yamoyo ikukwanirani poyambira. Pulogalamu ya Mixxx ndi yaulere kotheratu ndipo imasakaniza nyimbo bwinobwino. VirtualDJ, imene ambiri anaizolowera, ndi yaulere poseweretsa kunyumba, koma ya bizinesi imafuna kulipira. Mapulogalamu obedwa amene timapatsana pa fulashi nthawi zambiri amabwera ndi mavayirasi, ndipo vayirasi siidziwa kuti lero ndi Loweruka la ukwati.

Foni ikhale yogwirizira pakagwa vuto. Ilumikizeni ndi waya ku mikisa, ndipo muitseke netiweki poiika pa kandege kaja. Bluetooth imafinyanso nyimbo, imaduka mukangotalikira mamita khumi, ndipo imaulutsa uthenga uliwonse wolowa pa WhatsApp.

Nyimbo ya 2MB pa sipika yaikulu

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa ndi pamene sipafuna ndalama zambiri koma ndi pamene timalakwitsa kwambiri. Makolo athu ankagula makaseti, ambiri odutsira kwa O.G. Issa, kenako kunabwera ma CD. Lero nyimbo timakabenetsa pa memori khadi kwa anyamata a makompyuta pamsika, kapena kupatsana pa Xender, SHAREit ndi WhatsApp. Palibe amene amafunsa kuti fayiloyo yadutsa m'manja angati.

MP3 ndi njira yofinyira nyimbo kuti ichepe, imene akatswiri a ku Fraunhofer ku Germany anatsogolera kupanga, ndipo inakhazikitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Pofinyapo imataya tizigawo tina ta mawu. Kuchuluka kwa zotsala kumayezedwa ndi nambala ya kbps. Nyimbo ya mphindi zinayi pa 128 kbps imakhala pafupifupi 4MB. Yomweyo pa 320 kbps, pomwe ndi pamapeto pa MP3, imakhala pafupifupi 10MB. Ikakhala WAV, yosafinyidwa n'komwe ngati ya pa CD, imafika cha m'ma 40MB. Palinso FLAC, imene imachepetsa fayilo osataya kalikonse, koma si chipangizo chilichonse chimene chimaiwerenga.

Ndiye yang'anani mu foni yanu pompano. Mukapeza nyimbo ya mphindi zinayi ili ndi 2MB, dziwani kuti ili cha m'ma 64 kbps. Pa kasipika ka foni imamveka bhobho, chifukwa kasipikako sikatulutsa n'komwe zimene zinatayidwazo. Koma ikakwera pa sipika ya mainchesi 15, maliseche ake amaonekera: zitsulo za ng'oma zimamveka ngati mvula pa malata, bezi ili phwaa, mawu a woimba ngati akuimbira m'chitini. DJ amakweza voliyumu poganiza kuti zikonzeka, anthu n'kumangomva kuwawa m'makutu. Ambiri amene amadandaula kuti anawagulitsa masipika achinyengo, vuto lili pa fulashi.

Zoipitsitsa ndi nyimbo zochotsedwa ku mavidiyo amene adutsa pa TikTok, pa Facebook kapena pa sitetasi ya WhatsApp. Paliponse pamene vidiyo yadutsa imafinyidwanso. Ndipo musanamizidwe ndi timapulogalamu tolonjeza kusandutsa nyimbo kukhala 320 kbps. Fayilo imakula, koma zimene zinatayika sizibwerera. Zili ngati kuthira ndowa ya madzi mu thobwa la m'kapu: lachuluka, koma si thobwanso.

Kwa DJ woyendayenda, ine ndimati MP3 ya 320 kbps yochokera ku gwero lenileni ndi yokwanira. Pabwalo la fumbi, jenereta ikulira chapatali, palibe khutu limene lingaisiyanitse ndi WAV. Ikasowa, ya 192 kbps ikhoza kupita. Yochepera 128 ichotseni. Ubwino wina wa MP3 ndi wakuti imawerengeka paliponse: pa laputopu, pa foni, pa mikisa yokhala ndi polowetsa fulashi, ngakhale pa wailesi ya m'galimoto ya mkwati zinthu zikafika poipa. Fulashi ya 32GB imanyamula nyimbo pafupifupi 3,000 za 320 kbps, pamene za WAV zingalowe zosakwana 800.

Kunena za fulashi, pali misampha iwiri. Woyamba, zipangizo zambiri zotchipa zimawerenga fulashi yokonzedwa mwa FAT32 yokha, pamene mafulashi oposa 32GB nthawi zambiri amabwera ali exFAT. Mumalowetsa, chipangizo chili duu. Mafulashi awiri a 32GB amaposa imodzi ya 128GB. Wachiwiri, pamsika pali mafulashi ndi mamemori abodza, olembedwa 64GB koma m'kati muli malo ochepa. Amalandira nyimbo ngati zonse zili bwino, koma pozitsegula zina zimakana. Mukagula, idzazeni yonse, kenako tsegulani nyimbo za koyambirira, za pakati ndi za kumapeto. Nyimbo zanu zikhale malo atatu: pa laputopu, pa fulashi ya m'thumba imene simubwereketsa kwa wina aliyense, ndi pa memori ya foni.

Nanga bwanji osangodalira intaneti, poti Spotify inafika ku Malawi mu 2021, ndipo Boomplay, Audiomack ndi YouTube zilipo? Izi ndi zabwino pofufuzira nyimbo zatsopano muli kunyumba. Pa mwambo, ayi. Netiweki ya TNM kapena Airtel ikhoza kugwira bwino pamsika koma n'kumavuta kudambo kumene kuli ukwati, makamaka anthu mazana akasonkhana ndi mafoni awo. Bandulo imatha, ndipo zaulere zija zimalowetsa malonda pakati pa nyimbo. Komanso malamulo a Spotify amanena kuti ndi yomvera munthu payekha, osati yochitira bizinesi.

Nyimbo 10,000 za chiyani?

Ndimamva anyamata akudzitama kuti ali ndi nyimbo 10,000. Tiwerengere limodzi. Mwambo wa maola asanu, nyimbo iliyonse mphindi zinayi, ndi nyimbo 75, ndipo apo palibe amene walankhula. Chofunika ndi kupeza nyimbo yoyenera m'masekondi asanu pamene woyendetsa mwambo wati, "Tsopano alowe a mvano!" Fayilo yolembedwa "AUD-2023-WA0047" simungaipeze. Khalani pansi masiku a mvula, pamene ntchito yachepa, mulembe dzina la woimba ndi la nyimbo pa fayilo iliyonse, muzimvere mpaka kumapeto, muchotse zoduka ndi zokhala ndi mawu a DJ wina akudzitchula dzina pakati.

Kenako sanjani mafoda motsata mwambo: polowa akwati, perekaniperekani, podula keke, zauzimu, za achikulire, za mchezo wausiku. Pabwalo la kumudzi pamakhala mibadwo itatu. Achinyamata akufuna Driemo, Eli Njuchi, Yo Maps ndi amapiano. Amalume awo sanyamuka mpaka amve Lucius Banda, Black Missionaries, Skeffa Chimoto kapena Lawrence Mbenjere. Amayi a mvano akudikira Ethel Kamwendo Banda kapena kwaya. Agogo amamwetulira akamva Giddes Chalamanda. Ndipo kumbukirani kuti ndalama zambiri zili m'matumba a akuluakuluwo.

Kutatsala sabata, kumanani ndi eni mwambo. Afunseni mpingo wawo, chifukwa zimene zingadutse pa ukwati wina sizingadutse pa ukwati wa mkulu wa mpingo wa CCAP kapena wa a Seventh Day. Nyimbo yotukwana pamaso pa apongozi ndi mafumu imakuchotserani ntchito za mudzi wonse, ngakhale itakhala ya 320 kbps.

Thukuta la oimba

Pali funso limene ambiri sitifuna kulimva: nyimbo zimene tikudyerazi, eni ake akupezapo chiyani? Dziko lino lili ndi lamulo la Copyright Act la 2016, ndipo bungwe la COSOMA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, ndi limene limapereka ziphaso kwa oimba nyimbo za ena pagulu mwa bizinesi, n'kugawa ndalamazo kwa eni nyimbo. DJ wolipidwa pa ukwati ali m'gulu limenelo, kaya ali ku Area 47 kaya ku Nambuma.

Ndikudziwa yankho la anzanga: ndalama yake iti, poti eni ukwati amalipira movuta, ena mpaka ndi thumba la chimanga? Ndipo oimba ena amatumiza okha nyimbo zawo m'magulu a WhatsApp kuti zitchuke. Zoona. Koma woimba kukupatsani nyimbo kuti mumvere n'kosiyana ndi inu kupangira ndalama nyimbo za anthu mazana amene simunawapemphe. Inuyo mungamve bwanji wina atabwereka jenereta yanu Loweruka lililonse, iye n'kumalandira ndalama, inu osakupatsani ngakhale ya oyilo? Funsani ku COSOMA za chiphaso, muchiwerengere pa mtengo wanu monga muwerengera mafuta. Pomwe nyimbo ikugulitsidwa mwachilungamo, gulani, ndipo mupezanso fayilo yoyera. Oimba a m'dera lanu ndi makwaya a m'mipingo apempheni fayilo yochokera ku situdiyo, ambiri amasangalala kuti nyimbo yawo imveke bwino pagulu. Kwa a COSOMA pempho langa n'lakuti azifika pa masiku a msika ku Nsaru, Msundwe ndi Kasiya kudzafotokozera achinyamatawa, ndipo kulipira kukhale kosavuta ngati kugula mayunitsi pa Airtel Money kapena Mpamba. Munthu salipira chinthu chimene sanachimvetse.

Makutu alibe sipeya

Chomaliza ndi phokoso. Pa mwambo uliwonse muona ana atakhala chogundana ndi sipika, ena atalowetsa mutu m'bokosi la bezi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo choonongeka makutu chifukwa cha phokoso la zosangalatsa, ndipo mu 2022 linalangiza kuti pa malo a zisangalalo phokoso lisamapitirire madesibelo 100. Makutu akaonongeka ndi phokoso sachira. Kukweza masipika pa masitandi kumathandizanso apa, chifukwa mawu amadutsa pamwamba pa ana. Inunso DJ, mukamagona makutu akulira "ngwiii" mukachoka ku ntchito, thupi likukuchenjezani. Ngati mwambo uli pafupi ndi chipatala, monga cha St Gabriel's ku Namitete kapena cha Kabudula, kapena m'mudzi woyandikana nawo muli zovuta, lozetsani masipika kwina ndipo tsitsani. Amfumu akatumiza mthenga kuti mwakweza, musayankhe kuti mwalipidwa.

Kwa inu amene mukukonzekera ukwati chaka chino, musasankhe DJ powerenga masipika pa lole. Mufunseni kuti magetsi akazima achita chiyani, laputopu ikafa nyimbo zichokera kuti, maiki ali nawo angati. Wodziwa ntchito ayankha osaganiza kawiri. Mugwirizane polemba za nthawi yofika, nthawi yoweruka ndi amene agule mafuta.

Mnyamata wa ku Nsaru uja ndinakumana nayenso pa chinkhoswe china mwezi wa Juni. Anagulitsa masipika awiri n'kugula sitabilaiza, masitandi ndi maiki ya waya. Anafika pa ngolo, ana sanamuthamangire. Nyimbo zinalira kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa osadukiza, ndipo pochoka ndinaona amayi awiri akumupempha nambala ya foni.